Lipoti: Madzi a ku Walkerton mu Meyi 2000 ndi buku la klorini lolembedwa osayeza

Lipotili ndalembera anzanga a ntchito ya madzi a m'mipope: oyendetsa mapampu, othira mankhwala, a ku labu, akapitawo ndi akuluakulu a mu ofesi. Nkhani yake inachitika mu Meyi 2000 m'tauni yaing'ono ya Walkerton, m'chigawo cha Ontario ku Canada. M'tauni ya anthu pafupifupi 4,800, anthu opitirira 2,300 anadwala ndipo 7 anamwalira chifukwa chomwa madzi a pampope. Ndasankha nkhaniyi chifukwa inafufuzidwa mpaka pamizu ndi bungwe limene anatsogolera woweruza Dennis O'Connor, ndipo tikudziwa zimene zinachitika tsiku lililonse. Antchito okhudzidwa ndiziwatchula ndi maudindo awo basi.

Mmene zinthu zinalili poyamba

Madzi a tauniyi ankayendetsedwa ndi bungwe la Walkerton Public Utilities Commission, lomwe linkayang'aniranso magetsi. Pamwamba panali makomishonala osankhidwa ndi anthu, pansi pawo manijala, kenako kapitawo yemwe anali mng'ono wake wa manijalayo. Awiriwa anakulira pantchitoyi. Ziphaso zawo analandira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 osalemba mayeso, chifukwa boma linalola kuti amene anali kale pantchito apatsidwe ziphaso potengera zaka zimene agwira. Kukonza paipi yophulika ankadziwa bwino. Za tizilombo ta m'madzi, ndi chifukwa chenicheni chothirira klorini, palibe anawaphunzitsa mokwanira.

Tauniyi inkamwa madzi a pansi pa nthaka ochokera m'zitsime zitatu, Chitsime 5, Chitsime 6 ndi Chitsime 7. Panalibe malo osefera madzi. Chotchinga chokha pakati pa chitsime ndi kapu ya mwana chinali klorini.

Chitsime 5 chinakumbidwa mu 1978. Chinali chosazama: madzi ake ankachokera pa mamita 5 mpaka 8 okha, m'thanthwe long'alukang'aluka lokutidwa ndi dothi lochepa, ndipo pafupi panali munda wa mlimi woweta ng'ombe. Pa kuyeza koyambirira komweko, mu 1978, m'madzimo munapezeka tizilombo tochokera m'chimbudzi, ndipo katswiri anachenjeza kuti chitsimechi chikhoza kulowa zonyansa za pamwamba. Mgwirizano unali woti madzi azikhala ndi klorini wotsalira (wotsala m'madzi atamaliza kupha tizilombo) wosachepera 0.5 mg/L, kutanthauza theka la miligalamu pa lita, patatha mphindi 15 atathiridwa, ndiponso kuti aziyezedwa tsiku ndi tsiku. Koma unduna wa zachilengedwe utapereka chilolezo cha chitsimechi, mfundozi sunazilembe ngati lamulo la m'chilolezocho. Zinangokhala za pakamwa ndi za m'makalata, ndipo zaka zitapita zinaiwalika.

Mu 1994 malangizo a Ontario anasintha: chitsime chilichonse chokhudzidwa ndi madzi a pamwamba chinayenera kukhala ndi makina oyeza klorini ndi kuda kwa madzi nthawi zonse, usana ndi usiku. Palibe amene anabwerera kukaona zitsime zakale ngati Chitsime 5. Oyendera ntchito a unduna anafika mu 1991, mu 1995 ndi mu 1998. Pa ulendo wa 1998 anapeza kuti E. coli, kachilombo kosonyeza kuti m'madzi mwalowa ndowe, ankapezeka m'masampulo ena, klorini anali wochepa, ndipo masampulo sankatumizidwa okwanira. Manijala analemba kalata yolonjeza kukonza, makomishonala anamukhulupirira, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimene oyenderawo sanachigwire ndi ichi. Kwa zaka zoposa 20, antchito masiku ambiri sankayeza klorini wotsalira. Ankafika pachitsime, n'kulemba 0.5 kapena 0.75 m'buku, n'kumapita. Ankathiranso klorini wochepa dala, chifukwa anthu ankadandaula za fungo ndipo iwo eni ankakhulupirira kuti madzi a pansi ndi abwino okha. Ena mwa iwo ankamwa madzi osathira mankhwala pachitsime pomwepo. Masampulo ena ankatunga pampope wa ku shopu ya bungwelo n'kulemba pabotolo dzina la malo ena.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa aliyense amene wagwirako chida choyezera klorini akudziwa kuti madzi enieni sapereka nambala imodzimodzi tsiku lililonse. Lero 0.6, mawa 0.4, mvula ikagwa amatsika, mankhwala atsopano akafika amakwera. Buku lodzaza 0.5 ndi 0.75 kuyambira pamwamba mpaka pansi, mwezi ndi mwezi, likudziulula lokha. Mabukuwa analipo, ndipo woyendera aliyense akanatha kutsegula masamba a miyezi ingapo n'kuona.

Masiku khumi a ngozi

Pa 22 Epulo mlimi uja anathira manyowa a ng'ombe m'munda wake. Anatsata njira zoyenera, ndipo kafukufuku sanamupeze ndi mlandu. Pambuyo pake zinadziwika kuti zina mwa ng'ombe zake zinali ndi E. coli O157:H7 ndi Campylobacter, tizilombo timene ng'ombe imatha kukhala nato osadwala.

Kuyambira pa 3 Meyi mpaka pa 9 Meyi tauni inkamwa madzi a Chitsime 7, makina ake othira klorini atachotsedwa kuti aikepo atsopano. Madzi anayenda masiku onsewo opanda mankhwala. Pa 9 Meyi anazimitsa Chitsime 7, ndipo Chitsime 5 chinakhala gwero lalikulu. Nthawi yomweyo kunagwa chimvula: mamilimita 134 kuyambira pa 8 mpaka pa 12 Meyi, ndipo 70 mwa amenewo anagwa Lachisanu pa 12 pokha. Madzi a mvulawo anatsika ndi tizilombo ta m'manyowa kudzera m'ming'alu ya thanthwe mpaka m'chitsime.

Apa ndi pamene nkhani yonse inakhotera. Pa 13, pa 14 ndi pa 15 Meyi antchito anafika pa Chitsime 5 monga mwa masiku onse. M'buku munalembedwa 0.75 mg/L. Kafukufuku anapeza kuti manambalawa anali abodza, palibe anayeza.

Timvetse chimene chinatayika pamenepa. Madzi akalowa zonyansa za ndowe, zonyansazo zimadya klorini msanga, moti wotsalira amagwa mpaka kutheratu. N'chifukwa chake timayeza wotsalira osati wothiridwa. Klorini wotsalira ali ngati mlonda wa pageti: ukafika m'mawa n'kupeza palibe, dziwa kuti china chalowa usiku. Munthu amene anaima pachitsimepo Loweruka pa 13 akanangotunga madzi m'kabotolo n'kuyeza, ntchito ya mphindi zosakwana zisanu, akanaona kuti mtundu wa madzi m'chida choyezera sukusintha, chizindikiro choti klorini palibe. Akanazimitsa pampu, kapena kuwonjezera mankhwala n'kuimba foni. Lipoti la O'Connor linanena kuti kuyeza kwa tsiku ndi tsiku kukanachepetsa kwambiri mliriwu, ndipo makina oyeza nthawi zonse, ozimitsa pampu okha klorini akagwa, akanauletsa.

Lolemba pa 15 manijala anabwera kuchokera ku ulendo, n'kuyatsa Chitsime 7. Atadziwa kuti makina atsopano a klorini sanaikidwebe, anachisiya chikupopabe. Chitsime 5 chinazimitsidwa masana a tsiku lomwelo, koma madzi ake oipa anali atadzaza kale m'mapaipi ndi m'mathanki, ndipo amene ankawakankha kumbuyo anali madzi opanda klorini ngakhale pang'ono. Zinakhala choncho mpaka pa 19. Klorini akanakhalapo m'mapaipi masiku anayi amenewo, akanaphako tizilombo tina totsala.

Tsiku lomwelo la 15 anatunga masampulo a mlungu ndi mlungu, kuphatikizapo ena a paipi yatsopano imene inkayalidwa mu msewu wa Highway 9. Ena analembedwa malo olakwika monga mwa chizolowezi. Lachitatu pa 17, labu inaimba foni ndi kutumiza fakisi kwa manijala: masampulo a paipi yatsopano anali ndi E. coli, ndipo enanso a madzi amene anthu ankamwa anali oipa kwambiri.

Zotsatirazi zinafika kwa munthu mmodzi yekha. Kale, masampulo ankayezedwa m'malabu a boma, omwe ankadziwitsa okha unduna ndi a zaumoyo akapeza vuto. Mu 1996 boma la Ontario linasiya ntchitoyi m'manja mwa malabu a makampani osaika lamulo lowakakamiza kuuza boma. Labuyo inauza kasitomala wake, ndipo mwalamulo inali itamaliza ntchito. Manijala sanauze unduna kapena a zaumoyo.

Chizindikiro choyamba ndi mafoni a pa 19

Lachinayi pa 18 ana ambiri anajomba kusukulu, ndipo ana awiri a ku Walkerton anagonekedwa kuchipatala cha ku Owen Sound, kutsegula m'mimba kwa magazi kukuonekera. Dokotala wa ana kumeneko anaona kuti si zangozi kuti ana awiri a tauni imodzi abwere ndi matenda ofanana, ndipo pa 19 anadziwitsa ofesi ya zaumoyo. Kunyumba zosungira okalamba nakonso anthu anali atayamba kudwala.

A zaumoyo anaimbira manijala kawiri tsiku limenelo kufunsa za madzi. Anawayankha mowatsimikizira kuti madzi ali bwino. Za fakisi ya pa 17 sananene, za Chitsime 7 chopopa popanda klorini sananenenso. Madzulo omwewo anayamba kutsegula mipope ya ozimitsa moto kutsuka mapaipi ndi kuthira klorini wambiri, ntchito imene anaipitiriza mapeto a sabata onse. Pa 20 a zaumoyo anaimbanso, iye n'kuwauza kuchuluka kwa klorini amene anali m'mapaipi panthawiyo, zomwe zinawakhazika mtima pansi.

Ndalingalira kwambiri za chisankho chimenechi, chifukwa ndi chimene munthu wa ntchito yathu angagweremo mosavuta. Manijala sanakhale pansi, anagwira ntchito usiku. Iye ankaona ngati vuto la m'mapaipi ndi lake, alikonze mwakachetechete lisanamveke. Kafukufuku anasonyeza kuti sankadziwa kuti E. coli wamtunduwu amapha, koma ankadziwa kuti kupopa madzi opanda klorini n'kulakwa, ndipo n'chimene ankabisa. Kutsuka mapaipi kumathandiza madzi a mawa. Amene amwa kale, ndi amene akumwa madzi otsala m'mapaipi a m'nyumba zawo, sikuwathandiza. Iwowo chimene chimawapulumutsa ndi uthenga woti awiritse madzi, ndipo uthengawo amapereka ndi a zaumoyo, amene sangaupereke ngati ife tawabisira zimene tikudziwa.

Popeza anauzidwa kuti madzi ali bwino, a zaumoyo anataya nthawi kufufuza chakudya, pakuti E. coli O157:H7 amadziwika kwambiri ndi nyama yosapsa. Koma odwala anali ana aang'ono, okalamba, anthu a mbali zonse za tauni, osadyera pamodzi. Lamlungu pa 21 Meyi, labu ya chipatala itapeza kachilomboka mwa wodwala, mkulu wa zaumoyo analamula kuti anthu onse awiritse madzi asanamwe, ngakhale analibe umboni wa labu wokhudza madziwo. Chisankho chimenechi chinali cholondola ndipo chinafuna kulimba mtima: anatsata mmene matenda ankafalira, osati mawu a mwini madzi. Chofooka chinali kafalitsidwe. Chenjezo linapita pa wailesi za m'deralo, mkati mwa tchuthi cha masiku atatu, ndipo anthu ambiri sanalimve tsiku lomwelo.

Munthu woyamba anamwalira pa 22. Tsiku lomwelo woyendera ntchito wa unduna anafika, a zaumoyo atapempha unduna kuti ufufuze, ndipo m'mapepala amene anapatsidwa munali fakisi ija. Buku la Chitsime 7 linalembedwanso mwatsopano, manijala atauza kapitawo kuti abise masiku opanda klorini. Pa 23 masampulo amene a zaumoyo anatunga okha anatuluka ndi E. coli, ndipo ndi pamene anamva za zotsatira za pa 17. Panali patatha masiku 6.

Lipoti linawerengera kuti chenjezo likanatuluka pa 19, anthu 300 mpaka 400 sakanadwala.

Zimene zinatsatira

Odwala 27 anafika pa vuto loopsa la impso limene kachilomboka kamayambitsa, ambiri mwa iwo ana aang'ono. Ena anatengedwa pa helikopita kupita ku London, mzinda wa ku Ontario komweko. Mwa omwalira munali mwana wa zaka ziwiri. Kafukufuku wa zaumoyo amene anatsatira anthu a m'tauniyi kwa zaka zingapo anapeza kuti amene anadwala kwambiri anali pa chiopsezo chachikulu cha kuthamanga kwa magazi ndi mavuto a impso ndi a m'mimba.

Chitsime 5 chinatsekedwa. Atachiyeza bwino anapeza kuti pampu ikayatsidwa, akasupe a pafupi ankasiya kutuluka, ndipo mankhwala olondolera amene anathira pa akasupewo anapezeka m'chitsime m'kanthawi kochepa. Kunena kwina, chitsimechi chinkakoka madzi a pamwamba kuyambira kale. Kuyeretsa mapaipi a tauni yonse, nyumba ndi nyumba, kunatenga miyezi, ndipo anthu anawiritsa madzi mpaka pa 5 Disembala 2000. Ndalama zimene zinawonongeka zinayerekezedwa kuposa madola 64 miliyoni a ku Canada.

Mu Ogasiti 2000 Ontario inakhazikitsa lamulo lokakamiza malabu kudziwitsa unduna ndi a zaumoyo mwachindunji akapeza madzi oipa. Lipoti la O'Connor linatuluka m'zigawo ziwiri mu 2002, ndipo linadzudzula antchito, makomishonala, unduna ndi boma lomwe chifukwa chodula ndalama za unduna osaganizira zotsatira. Kenako kunabwera Safe Drinking Water Act ya 2002 ndi Clean Water Act ya 2006 yoteteza magwero a madzi. Ku Walkerton komweko kunatsegulidwa malo ophunzitsira antchito a madzi. Mu Disembala 2004 manijala anagamulidwa chaka chimodzi kundende, kapitawo miyezi 9 ya ukaidi wa panyumba.

Zimene ndikutengapo pa ntchito yathu

Wina anganene kuti anthu awiri anachita zoipa ndipo analangidwa, nkhani yatha. Sindikuvomereza. Bodza la m'buku linatenga zaka 20 likudutsa m'manja mwa oyendera ndi makomishonala. Linakhalitsa chifukwa nthawi yonseyo palibe anafa, ndipo tsiku lililonse lodutsa bwino linkawatsimikizira antchito kuti kuyeza ndi mwambo chabe. Chizolowezi chotere sichifuna munthu woipa mtima. Chimayamba tsiku limene mapiritsi oyezera klorini a DPD atha ndipo kapitawo akufuna buku lodzaza, kapena Lamlungu limene njinga yamoto ilibe mafuta. Choncho amene mumayang'anira masiteshoni, lolani wantchito kulemba kuti "sindinayeze, mapiritsi atha" osamuopseza. Mpata wopanda nambala umakuuzani zoona, ndipo mukhoza kuchitapo kanthu. Mukakalipira mpata, mawa mudzapeza 0.5.

Mukapita kukayendera, musangoyang'ana tsamba la lero. Bwererani miyezi itatu, muone ngati manambala amasuntha ndi mvula. Fananizani mankhwala amene atuluka m'sitolo ndi madzi amene apopedwa: ngati ufa wa klorini wa HTH umene wagwiritsidwa ntchito sangakwanitse nambala imene yalembedwa, buku likunama. Yezani nokha pompo, wantchito akuona, ndipo mumuuze ayezenso inu mukuona. Ambiri amene salemba zoona amapezeka kuti sanaphunzitsidwe kuwerenga mtundu bwinobwino, kapena galasi la chida chawo linachita chikasu kalekale.

Malangizo a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amanena za klorini wotsalira wa 0.5 mg/L patatha mphindi 30, pH (muyezo wa asidi m'madzi) ili pansi pa 8, ndi wosachepera 0.2 mg/L pampope wa kasitomala. Manambalawa ambiri timawaloweza. Chimene Walkerton ikutiwonjezera n'chakuti wantchito aliyense adziwe chochita nambala ikagwa, ndipo akhale ndi mphamvu yozimitsa pampu osadikira bwana. Tikudziwa kuti kuzimitsa pampu kumabweretsa mafoni a anthu okwiya, ndipo kuno kwathu, kumene madzi amasowa kale, kumawatumiza anthu kumtsinje ndi kuzitsime zosatetezeka. N'chifukwa chake chisankhochi chiyenera kukambidwa ndi kulembedwa nthawi ya chilimwe, mitu ili pansi: klorini akafika pati timawonjezera, akafika pati timazimitsa, ndani akuimbira ndani. Makina othira klorini akamakonzedwa, gwero limenelo lisapope, pokhapokha pali njira ina yothirira imene yayesedwa.

Za zitsime: mawu oti madzi a pansi ndi oyera okha amamveka ngakhale pakati pathu. Chitsime chosazama, cha m'thanthwe long'aluka, chokhala pafupi ndi khola, dambo kapena zimbudzi zokumba, tichitenge ngati mtsinje. Ambiri mwa matauni athu ang'onoang'ono amadalira zitsime zimene zinakumbidwa kuli tchire, ndipo lero zazunguliridwa ndi nyumba. Lipoti la wokumba limakhala m'kabati, mwina lili ndi chenjezo ngati la 1978 lija. Litulutseni muliwerenge. Ngati madzi a chitsime amada kapena kusintha mvula ikagwa, chimenecho ndi chizindikiro chokwanira.

Pomaliza, ubale ndi a zaumoyo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatikumbutsa ku Malawi kuno kuti a chipatala ndi a madzi amaona mbali ziwiri za chinthu chimodzi: iwo amaona odwala, ife timaona mapaipi. Zotsatira zoipa za labu zizipita kwa anthu osachepera awiri, ndipo mmodzi akhale wa ku ofesi ya zaumoyo ya boma, pa ola lomwelo, osadikira kuti sampulo ibwerezedwe. A zaumoyo akaimba kufunsa, tiwauze zonse, kuphatikizapo zimene sanafunse: paipi imene inaphulika pafupi ndi ngalande ya zonyansa, maola amene madzi anasiya ndipo mapaipi anali opanda mphamvu, masiku amene mankhwala anatha. Nambala ya foni ya mkulu woona za ukhondo m'boma lanu ilembedwe pakhoma la siteshoni iliyonse, pamodzi ndi ya wailesi ya m'dera, ya mafumu ndi ya apampando a makomiti a makiyosiki, chifukwa chenjezo lowiritsa madzi likatuluka Lamlungu masana, amenewo ndi amene angalifikitse pakhomo lililonse dzuwa lisanalowe.